Tiuzeni zomwe zili m'paketi: za mankhwala achitchaina a tulo ndi khungu

Pa matenda onse, amene anthu amapeputsa kwambiri ndi kusowa tulo ndi kuyabwa kwa khungu. Sapha msanga, sagoneka munthu m'chipatala, ndipo wodwala akamadandaula, omumva amangoti zitha zokha. Koma funsani mayi amene mwana wake ali ndi chikanga, mwana wokanda usiku wonse mpaka chofunda kuthimbirira magazi, akuuzani kuti m'nyumba mwake mulibe amene amagona. Mavuto awiriwa amayendera limodzi, pakuti kuyabwa kumakula usiku, ndipo thupi losagona limamva kuyabwa koposa. Munthu akatopa ndi mapiritsi ndi mafuta a kuchipatala amene amathandiza sabata imodzi vuto n'kubwereranso, amayamba kufunafuna kwina. N'chifukwa chake ku Beijing, ku London ngakhalenso ku Johannesburg, ambiri mwa anthu ogogoda pakhomo la sing'anga wachitchaina amakhala a tulo ndi a khungu.

Ine sindili m'gulu la oseka mankhwala achitchaina. Ndingawaseke bwanji pamene LA amene timamwa tikadwala malungo, amene Malawi inayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, gwero lake ndi chitsamba cha qinghao chimene asing'anga a ku China anachilemba m'mabuku awo kalekale? Koma nkhani ya LA tiziikamba yonse. Mayi Tu Youyou, wasayansi wa ku China amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015, sanatenge buku lakale n'kuyamba kumwetsa anthu. Gulu lawo linasonkhanitsa njira zochizira zoposa 2,000, linayesa zitsamba zambirimbiri pa mbewa, ndipo zochuluka zinalephera. Qinghao nayenso poyamba ankagwiritsa mwala, mpaka mayiwa ataona m'zolemba za Ge Hong, wa m'zaka za m'ma 300, kuti iye ankanyika chitsambacho m'madzi n'kufinya, osati kuwiritsa. Anazindikira kuti moto unkapha mphamvu yake, ndipo mu 1971 anapeza njira yotulutsira mankhwalawo popanda kutentha kwambiri. Mabuku akale anasonyeza poyambira, koma chimene chinasiyanitsa chothandiza ndi chosathandiza chinali kuyesa. Ulemu umene ndikupempha kuti tipatse mankhwala achitchaina a tulo ndi khungu ndi womwewu: ayesedwe, ndipo wodwala adziwe dzina la chilichonse chimene akumwa kapena kudzola.

Chabwino chimene asing'angawa ali nacho n'choti amamvetsera. Amagwira dzanja kumva kugunda kwa mtsempha, amaona lilime, amafunsa ngati mumavutika kupeza tulo kapena mumadzidzimuka pakati pa usiku, ngati mumalota kwambiri, ngati mumatuluka thukuta, zimene mumadya, zimene zikukudetsani nkhawa. M'chiphunzitso chawo, maganizo a munthu amakhala mu mtima, ndipo usiku amayenera kukhazikika mmenemo. Magazi akachepa kapena kutentha kukachuluka m'thupi, maganizowo amayendayenda, tulo n'kuthawa. Kuyabwa amati kumachokera ku mphepo, chinyezi ndi kutentha zimene zalowa pakhungu. Mafotokozedwe amenewa sagwirizana ndi zimene tikudziwa lero za ubongo ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo sindiwatenga ngati sayansi. Koma munthu amene wakhala miyezi osagona, akapeza wina womufunsa mofatsa kwa theka la ola, n'kumuuza kuti asiye tiyi wamadzulo, asadye kwambiri usiku, azigona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, wathandizidwa kale asanamwe kanthu. Madokotala athu, amene mzere wa odwala umawapanikiza, pamenepa ali n'chophunzira.

Pa tulo, mankhwala otchuka kwambiri ndi Suan Zao Ren Tang, amene analembedwa ndi sing'anga wa ku China Zhang Zhongjing cha m'ma 200. Ali ndi zinthu 5, ndipo chachikulu ndi njere za mtengo wa mtundu wa Ziziphus, mbale wake wa masau athu, ngakhale kuti si mtengo umodzi ndipo wina asathamangire kuswa njere za masau. Ku China ndi ku Taiwan achita kafukufuku wambiri pa mankhwalawa, ndipo odwala ambiri amati amagona bwino. Vuto n'lakuti kafukufuku wochuluka ndi wa anthu ochepa, wa masabata ochepa, ndipo nthawi zambiri wodwala ndi dokotala onse amadziwa amene walandira mankhwala enieni. Pa vuto ngati kusowa tulo, limene chiyembekezo chokha chimatha kulichepetsa, kafukufuku wotere sangatiuze zambiri. Ndikuona kuti njerezi n'zoyenera kufufuzidwa mozama. Sindikuona kuti zafika poti tizizilonjeza kwa anthu.

Pashelefu yomweyo pamene pali Suan Zao Ren Tang pamakhalanso mibulu ina ya tulo, monga Zhusha Anshen Wan, imene m'kapangidwe kake muli zhusha, mwala wofiira wokhala ndi mekyule, chitsulo chapoizoni. Oikira kumbuyo amati mekyule wa mu mwalawu salowa kwambiri m'magazi. Mwina n'zoona pa kumwa kwa masiku ochepa, koma wosowa tulo samwa masiku ochepa. Amamwa miyezi, ndipo mekyule akaunjikana amawononga impso ndi mitsempha. Palinso ye jiao teng, tsinde la chomera cha he shou wu, chomera chimene chadziwika ngakhale ku China komweko kuti chimavulaza chiwindi cha anthu ena. Wogula paketi yolembedwa zilembo zimene satha kuwerenga alibe njira yosiyanitsira izi ndi izo.

Za singano zopanda mankhwala zimene asing'anga achitchaina amabaya pathupi (acupuncture) ndilibe nazo mantha aakulu. Pochiza kusowa tulo amabaya malo ngati Shenmen pamfundo ya dzanja, Baihui pamwamba pa mutu, Yintang pakati pa nsidze ndi Sanyinjiao pamwamba pa kakolo, ndipo ena amamata tinjere pakhutu kuti wodwala azidina yekha. Bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 33 mu 2012 n'kunena kuti umboni wake ndi wofooka moti sungavomereze kapena kukana. Chifukwa china chosamalira chinaoneka mu 1998, pamene ofufuza ena anapeza kuti kafukufuku yense wa singano wochokera ku China, Japan, Hong Kong ndi Taiwan amene anamuunika anatuluka ndi zotsatira zabwino. Palibe chithandizo padziko chimene chimapambana nthawi zonse, choncho zikaoneka chomwecho ndiye kuti zolephera sizinasindikizidwe. Komabe kafukufuku wabwinoko wabwera pambuyo pake. Ku America mu 2019 anatenga anthu 160 amene anadwalapo khansa ndipo ankasowa tulo. Ena anawabaya singano, ena anawapatsa uphungu wosintha kaganizidwe ndi kagonedwe wotchedwa CBT-I. Magulu onse awiri anayamba kugona bwino, koma a uphungu anaposa. Ichi n'chogwirizana ndi zimene bungwe la madokotala la American College of Physicians linanena mu 2016, kuti uphunguwu ndiwo uyenera kukhala chithandizo choyamba cha kusowa tulo kokhalitsa.

Nthawi zambiri singano zongoyerekeza, zobayidwa pamalo olakwika kapena zosalowa n'komwe, zimathandiza pafupifupi mofanana ndi zenizeni. Ena amati umenewu ndi umboni woti zonse n'zachabe. Ine ndimati munthu amene wagona chete kwa theka la ola m'chipinda chabata, kawiri pa sabata, akusamalidwa ndi wina, n'kuyamba kugona bwino usiku, wapindula ndithu, bola singano zikhale zatsopano zotsegulidwa iye akuona, wobayayo akhale wophunzira, ndipo mtengo wake usamudyere ndalama ya chakudya. Singano zobwereza zimafalitsa matenda a chiwindi, ndipo yolowa kwambiri pachifuwa imatha kuboola phapo. Pakhungu lodwala pafunika kusamala koposa: kuika makapu okoka khungu kapena kukwecha khungu kumene amati gua sha kungayambitse zigamba zatsopano pa munthu wa psoriasis, nthenda ya zigamba zamamba pakhungu, chifukwa matendawa amaphuka pamene khungu lavulala.

Nkhani ya khungu ndiyo ili ndi zokoma kwambiri ndi zowawa kwambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala a pachipatala cha ana cha Great Ormond Street ku London anaona kuti ana ena a chikanga choopsa, amene iwo anali atalephera, akuchira atapita kwa sing'anga wina wachitchaina ku Chinatown, dera la Atchaina mumzindamo. Madokotalawo sanakwiye kapena kunyoza. Anagwirizana ndi sing'angayo, anakonza msanganizo umodzi wa zitsamba 10, n'kuuyesa pa ana 47 pouyerekeza ndi zitsamba zina zosachiza zofanana nawo fungo ndi kakomedwe. Zotsatira zimene zinatuluka mu 1992 zinali zolimbikitsa, ndipo kafukufuku wa akuluakulu chaka chomwecho anasonyezanso chimodzimodzi. Koma atayesa msanganizo womwewo, wotchedwa Zemaphyte, ku Hong Kong mu 1999, sanapeze kusiyana kulikonse. Ena mwa omwa zitsamba za khungu anapezekanso ndi vuto la chiwindi, moti pankafunika kuyeza magazi pafupipafupi. Cochrane itaunika kafukufuku 28 wa zitsamba zachitchaina pa chikanga mu 2013, inati umboni wotsimikizika palibe. Zimenezi sizikutanthauza kuti ana a ku London aja sanachire. Zikutanthauza kuti mpaka lero palibe amene angauze kholo motsimikiza kuti chitsamba chakuti, pa muyezo wakuti, chithandiza mwana wake.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa n'cha qing dai, ufa wabuluu wochokera ku zomera zonyikira nsalu. Dokotala Lin Yin-Ku ndi anzake pachipatala cha Chang Gung ku Taiwan anaukonza kukhala mafuta odzola, n'kuuyesa pa anthu 42 a psoriasis yosamva mankhwala. Munthu aliyense ankadzola qing dai mbali imodzi ya thupi ndi mafuta opanda mankhwala mbali inayo, kwa masabata 12. Mu 2008 anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mbali ya qing dai inachira kwambiri kuposa inayo, ndipo pambuyo pake zadziwika kuti mphamvu yaikulu ili mu chinthu chotchedwa indirubin, chimene chimachepetsa kuchulukana kwa maselo a khungu. Apa chomera chikudziwika, muyezo ukudziwika, chovuta chake chikudziwikanso, chakuti amathimbiriritsa zovala. Ndipo qing dai yemweyo atayamba kumwedwa ku Japan pochiza matenda a m'matumbo, zinapezeka kuti ena amadwala matenda oopsa a kuthamanga kwa magazi m'mitsempha ya m'mapapo, ndipo boma linachenjeza anthu. Kufufuza kunapatsa qing dai ulemu, kunamuikiranso malire.

Tsopano tibwere pa zimene zimandisowetsa mtendere. Mu 1999 madokotala a pachipatala cha King's College ku London anayeza mafuta odzola 11 amene odwala awo anapatsidwa ndi ogulitsa zitsamba zachitchaina, powauza kuti n'zachilengedwe zokhazokha. Mwa 11 amenewo, 8 anali ndi dexamethasone, mankhwala a m'gulu la steroid, limene madokotala amagwiritsa ntchito pochepetsa kutupa ndi kuyabwa, ndipo amene anapatsidwa ana anali ndi muyezo waukulu kuposa a akuluakulu. Makolo ambiri amapita ku zitsamba pothawa ma steroid omwewo. Anabwera nawo kunyumba osadziwa, n'kumapaka kumaso kwa mwana tsiku ndi tsiku popanda wowauza poyimira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ma steroid amphamvu akadzoledwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu, amabisa zipere n'kuzifalitsa, ndipo pa khanda amalowa m'magazi n'kusokoneza thupi lonse. Ife izi si zachilendo. Taziona pankhope za alongo athu odzola mafuta oyeretsa khungu. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wodzolayo ankakhulupirira kuti akudzola masamba.

Choopsa koposa ndi chomera cha Aristolochia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pachipatala china chochepetsa thupi ku Brussels, m'dziko la Belgium, chitsamba cha han fang ji chinasinthanitsidwa ndi guang fang ji, chomwe ndi Aristolochia, ndipo amayi oposa 100 anawonongeka impso. Pa odwala 39 amene impso zawo zinafa n'kuchotsedwa, 18 anapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo. Wina anganene kuti imeneyo ndi nkhani yochepetsa thupi, yosakhudza khungu. Ayi, mu 1999 ku Britain impso za amayi awiri zinafa atamwa zitsamba zochiza chikanga. Misanganizo yakale ya kuyabwa, monga Xiao Feng San ya m'ma 1600, imene mulinso zikhungwa za nyenje, imafuna chitsamba chotchedwa mu tong, ndipo kwa zaka zambiri pamsika pankagulitsidwa guan mu tong, wa Aristolochia, m'malo mwake. Mu 2010 khoti la Old Bailey ku London linamva mlandu wa mayi wina amene anamwa mibulu yachitchaina kwa zaka pafupifupi 5 pofuna kuthetsa ziphuphu kumaso. Impso zake zonse ziwiri zinafa ndipo anadwala khansa. Ziphuphu, abale anga. Dziko la China linaletsa guan mu tong mu 2003, atavulala anthu ambiri komweko ndi mibulu ya Longdan Xiegan Wan. Linachita bwino, koma poizoniyu anali atagwiritsidwa ntchito kwa mibadwo popanda womuzindikira, chifukwa amawononga mwakachetechete, ndipo impso zikamafa pakapita zaka palibe amene amakumbukira tiyi amene anamwa kale. Ichi ndicho chifukwa chake mawu akuti akhala akumwedwa kwa zaka masauzande sandikhutiritsa. Zimene makolo anaona ndi maso zimagwira chomera chopha lero, koma chopha pakatha zaka 10 chimafuna kaundula ndi kuyeza magazi.

Ndikudziwa zimene okonda mankhwalawa amayankha, ndipo zina n'zomveka. Amati mankhwala a kuchipatala nawonso amavulaza: diazepam, mankhwala ogonetsa, amazoloweretsa munthu moti sagonanso popanda iye, ndipo ma steroid omwe ndawatchulawa amachokera ku mafakitale a mankhwala amakono. N'zoona. Koma pabotolo la diazepam palembedwa dzina ndi muyezo, dokotala amadziwa choyang'anira, ndipo vuto likabuka pali pokadandaula. Amatinso zolakwazo n'za amalonda achinyengo, osati za asing'anga enieni. Izinso zili ndi choona chake, makamaka pa nkhani ya dexamethasone, koma wodwala sangasiyanitse sing'anga weniweni ndi wachinyengo poyang'ana nkhope, ndipo guan mu tong ankaperekedwa ndi asing'anga ophunzira bwino amene sankanamiza aliyense. Yankho lachitatu ndi lakuti mankhwala achitchaina amakonzedwa molingana ndi munthu aliyense payekha, choncho sangayesedwe monga amayesera piritsi limodzi. Limeneli ndimalikana. Sing'anga angathe kusankha zitsamba mmene akufunira pa wodwala aliyense, kenako theka la odwala n'kulandira zimene wasankhazo, theka lina zongofanana nazo, popanda wodziwa kuti ndani walandira chiyani. Njira ilipo, chofunika n'kufuna kudziwa.

Boma la China likutukula kwambiri mankhwalawa. Lamulo lake lowateteza ndi kuwalimbikitsa linayamba kugwira ntchito mu 2017, ndipo amawafalitsa m'mayiko ambiri. Mu 2019 mayiko a mu World Health Organization anavomereza kaundula watsopano wa matenda, ICD-11, amene ali ndi chaputala cha mayina a matenda monga asing'anga a ku China, Japan ndi Korea amawatchulira. Bungwelo linanena poyera kuti chaputalacho n'chothandiza kuwerenga ndi kulemba, sichikuvomereza kuti chithandizo chilichonse chimagwira ntchito, koma otsatsa malonda sanena mbali imeneyi. Dziko limene lili ndi mayunivesite ndi malabotale ochuluka chonchi lingathe kuyesa Suan Zao Ren Tang pa anthu masauzande, n'kufalitsa zotsatira ngakhale zitakhala zokhumudwitsa, ndipo lingathe kuonetsetsa kuti chilichonse chotuluka m'malire ake chalembedwa mayina a zomera m'zilembo zimene wogula angawerenge. Mpaka zimenezo zitachitika, ntchito ili m'manja mwa oyang'anira mankhwala kumene katunduyo akufikira. Abale athu a ku South Africa ali ndi mwayi woti asing'anga a singano ndi zitsamba zachitchaina amayenera kulembetsa ku Allied Health Professions Council, choncho angathe kufunsa chiphaso. Ku Malawi tili ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ndikanakonda itamatola timabokosi ta tiyi wa tulo ndi mafuta a khungu togulitsidwa m'mashopu ndi pa Facebook, n'kukatiyeza ngati mulibe steroid, mekyule kapena Aristolochia, zotsatira zake n'kuzilengeza pa wailesi.

Pali chinanso chimene paketi iliyonse, ngakhale yoyera bwanji, singachite: kudziwa chimene chikukudwalitsani. Kuyabwa kwa usiku kumene kwagwira banja lonse kawirikawiri kumakhala mphere, ndipo mphere zili ndi mankhwala ake otsika mtengo. Totupa toyabwa tosatha nthawi zina timasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo pamafunika kuyezetsa magazi. Kusowa tulo kungakhale matenda a nkhawa, kungakhale kubanika kwa munthu woliza mkonono kwambiri, kungakhalenso zotsatira za mankhwala ena amene munthu akumwa kale, kuphatikizapo ma ARV ena. Amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, amayi oyembekezera, ndi onse amene ali ndi vuto la impso kapena chiwindi asamwe msanganizo uliwonse dokotala wawo asanauone. Ndipo ngati mwadzoza mwana mafuta otchedwa achilengedwe, chikanga cha miyezi yambiri n'kuzimiririka m'masiku awiri, kayikirani kuti muli steroid. Ngati mwawagwiritsa ntchito nthawi yaitali musawasiye mwadzidzidzi, chifukwa khungu limatha kuyaka koposa poyamba. Tengani mwanayo pamodzi ndi chubu chakecho mupite nazo kuchipatala, dokotala akaone khungu ndi kukuuzani mmene mungachepetsere pang'onopang'ono.